Mukupita kukaphunzira kunja? Werengani izi musanamange katundu

Nyengo yosankha ophunzira ikafika, mafunso amene ndimalandira amakhala omwewo chaka ndi chaka. Wina wapeza mwayi wa semesita imodzi ku Germany, wina akupita ndi anzake a m'kalasi kwa milungu yochepa, wina wapata sikolashipu ya chaka chathunthu. Onse amafunsa za viza, za jekete ndi za ndalama. Za chinthu chimene chimagwetsa ambiri, ndicho kukhala pakati pa anthu amene sachita zinthu monga munazolowera, safunsa. Ndatopa n'kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndalemba pano kuti wofunsa ndizingomulozera.

Ndiyambe ndi mawu amene ambiri sawakonda: ndege siisintha munthu. Alipo amene amapita kunja n'kubwerako ali chimodzimodzi, chowonjezera ndi zithunzi za mu foni basi. Kukhwima maganizo kumene anthu amakamba kumachokera ku ntchito imene mumagwira muli komweko, makamaka pa masiku amene simukusangalala. Mfundo yachisanu ndiyo mwini nkhani. Zinazi n'zoti mukafike pa mfundoyo mutu uli m'malo.

1. Dziwani bwino chimene mukukachita, ndipo chilembedwe

Ulendo wa milungu itatu ndi aphunzitsi anu si chimodzimodzi ndi kukakhala nokha semesita yonse. Ngati maphunziro amene mukachite kunjako akuyenera kudzawerengedwa pa digiri yanu, musanyamuke popanda pangano lolembedwa. M'maulendo a Erasmus, ndondomeko ya mayiko a ku Ulaya yosinthana ophunzira imene inayamba mu 1987, panganoli amalitcha Learning Agreement: pepala losonyeza makosi amene mukatenge, losainidwa ndi inu, sukulu yanu ndi sukulu yokulandirani. Mudzamvanso mawu akuti ECTS. Ndi muyeso wa ntchito ya wophunzira: chaka chathunthu ndi makirediti 60, semesita ndi 30, ndipo kirediti imodzi ndi ntchito ya maola 25 mpaka 30, kuphatikiza kuwerenga panokha. Mayiko ena ali ndi miyeso yawo. Cholakwa chofala n'kudalira mawu apakamwa akuti "tidzaona mukadzabwera". Amene anakuuzani zimenezo mudzapeza anasamutsidwa, ndipo mudzabwereza chaka.

2. Mapepala

Apa sindichedwapo chifukwa ofesi ya kazembe wa dziko limene mukupita ndiyo ili ndi mawu otsiriza. Werengani tsamba lawo lenileni, osati uthenga wongotumizirana pa WhatsApp. Zoti musamale nazo ndi izi.

Viza yaifupi ya Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya amene mumalowa ndi viza imodzi, imakulolani masiku 90 pa masiku 180 aliwonse. Semesita yathunthu imaposa pamenepo, choncho imafuna viza ya nthawi yaitali ya dziko lenilenilo. Pa viza yaifupiyi pasipoti iyenera kukhala ndi moyo wa miyezi itatu kupitirira tsiku lotuluka, ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo, ndipo inshulansi ya zachipatala ikhale yosachepera mayuro 30,000. Mayiko ena ambiri amafuna pasipoti ya miyezi isanu ndi umodzi. Ngati akufuna khadi la katemera wa yellow fever, dziwani kuti limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni, ndiye musakabayitse dzulo la ulendo.

Mankhwala amene mumamwa nthawi zonse akhale m'mabotolo ake, ndi kalata ya dokotala. Pasipoti, kalata yokuitanani ndi adiresi ya kumene mukagone zikhale m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi power bank, imene salola kuti ilowe m'katundu wa pansi pa ndege. Jambulani mapepala onse n'kudzitumizira pa imelo. Za ganyu: viza iliyonse ili ndi malire ake. Ku United Kingdom wophunzira digiri amaloledwa maola 20 pa mlungu sukulu ikakhala yotsegula, pamene amene walowa ngati mlendo wa nthawi yochepa saloledwa kulembedwa ntchito. Kudumpha malirewa kungathetse ulendo wonse.

3. Musananyamuke, khalani pansi ndi kope

Gulani kope laling'ono, lolemba ndi cholembera, osati la mu foni. Patsamba loyamba yankhani mafunso atatu, ndipo musadzinamize chifukwa palibe adzawerenge. Kodi anthu a kumene ndikupita ndikuganiza kuti ndi otani, ndipo ndinazimva kwa ndani? Kodi n'chiyani chimene sindinachitepo ndekha pamoyo wanga, chimene nthawi zonse amandichitira ena? Kodi n'chiyani chimene sindingasiye ngakhale onse ondizungulira atasiya?

Ambiri amadumpha zimenezi poganiza kuti n'zachibwana. Koma munthu sadziwa kuti wasintha ngati sanalembe pamene anayambira. Pakatha miyezi itatu mudzakhala mutaiwala kuti munkaopa kukwera sitima nokha.

Kenako phunzirani mawu ochepa a chiyankhulo cha komweko, ngakhale maphunziro akhale a m'Chingerezi. Moni, zikomo, pepani, ndalama zingati, sindinamve, chonde bwerezani. Ku France munthu wolowa m'sitolo osanena "bonjour" amaoneka wamwano asanatsegule n'komwe pakamwa kuti afunse mtengo. Werenganinso mbiri ya dzikolo ya zaka 100 zapitazi. Simungamvetse Berlin osadziwa kuti mzindawu unagawidwa ndi khoma kuyambira 1961 mpaka 1989, ndipo anthu ambiri amene mudzakumane nawo m'basi anakulira mbali imodzi ya khomalo.

4. Milungu iwiri yoyamba

Masiku amenewa ndi okoma, ndipo kukomako kumaiwalitsa zofunika. Mayiko ena amafuna kuti mukalembetse adiresi yanu kuboma. Ku Germany amati Anmeldung, ndipo iyenera kuchitika pasanathe masiku 14 chilowereni m'nyumba; mumapita ndi pasipoti ndi kalata ya mwini nyumba. Popanda kapepala kameneka zinthu zambiri zimaima. Ku Japan nakonso amene ali ndi khadi lokhalira m'dzikomo amakalembetsa adiresi ku ofesi ya mzinda pasanathe masiku 14. Sungani pamtima nambala ya ngozi: 112 m'mayiko a European Union, 999 ku United Kingdom, 911 ku United States.

Musajombe ku msonkhano wolandira ophunzira atsopano ngakhale mutatopa bwanji. Zokamba zake mwina n'zotopetsa, koma ndi nthawi yokhayo imene aliyense alibe mnzake ndipo aliyense akufuna wocheza naye. Pakatha mwezi, magulu amakhala atatsekeka.

M'kalasi muli mawu awiri kapena atatu oti muwadziwe. Office hours ndi nthawi imene mphunzitsi amakhala mu ofesi kudikira ophunzira. Kupitako si kusowa ulemu, ndipo amene sapitako amadzimana yekha. M'mayunivesite ambiri a ku Germany mukaona pa ndandanda "10 c.t.", phunzirolo liyamba 10:15, pamene "s.t." ndi nthawi yeniyeniyo. Ndipo plagiarism, kutenga mawu kapena maganizo a wina osatchula mwini wake, ndi mlandu wolepheretsa kosi kapena kuchotsetsa sukulu. Ali ndi mapulogalamu a pa kompyuta monga Turnitin ofufuzira zimenezi. Funsani msanga mmene amafunira kuti muzitchulira mabuku.

5. Kukoma kukatha: apa ndiye pali nkhani

Tsiku lina mudzadzuka chilichonse chikukunyansani. Chakudya sichikoma. Anthu akuoneka ouma mtima. Mukugona kwambiri kapena tulo sitikubwera. Kanthu kakang'ono, monga makina a tikiti kukana khadi lanu, kakukulizani misozi kapena kukukwiyitsani tsiku lonse. Mwayamba kunena kuti "anthu a kuno" pa chiganizo chilichonse. Mukupukwa.

Zimenezi si zachilendo ndipo si kulephera. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Kalervo Oberg analemba za vutoli mu 1960, ndipo ndiye anatchukitsa dzina lakuti culture shock. Iye anati gwero lake ndi kutaya zizindikiro zing'onozing'ono zimene timadalira osaziganizira: nthawi yogwirana chanza, nthawi yoti mawu a munthu uwatenge ngati oona, mmene ungakanire osakhumudwitsa. Zaka zisanu m'mbuyo mwake, mu 1955, Sverre Lysgaard anafufuza anthu a ku Norway amene anapita ku United States pa sikolashipu ya Fulbright, n'kuona kuti ambiri ankayamba bwino, kenako n'kutsika, kenako n'kukweranso. Ofufuza ena pambuyo pake anapeza kuti si onse amatsata njira imeneyi. Ena masiku ovuta kwambiri amakhala oyambirira enieniwo. Ndiye musawerengere masiku. Ingodziwani kuti nyengo yovuta ibwera, ndipo chimene mudzachite m'nyengoyo ndicho chidzagamule ngati ulendowu wakupindulirani.

Chimene ambiri amachita n'kuthawa osachoka. Amadzitsekera m'chipinda, foni m'manja, kucheza ndi akwawo usiku wonse. Kapena amapeza anzawo ochokera dziko limodzi, n'kumakumana tsiku ndi tsiku kudandaula za eni dziko. Thupi lili kunja, moyo wonse uli kumudzi. Otere amabwerako akudziwa bwino bwalo la ndege ndi sitolo yotchipa, koma munthu wa komweko sadziwa ndi mmodzi yemwe.

Njira imene ndimaphunzitsa ndi iyi. Chinthu chikakupwetekani mtima kapena kukudabwitsani, madzulo ake tsegulani kope lija, gawani tsamba patatu.

Gawo loyamba lembani zimene maso anaona ndi makutu anamva, basi, monga mboni m'khoti. Osati "mphunzitsi anandinyoza", koma "mphunzitsi ananena pamaso pa kalasi kuti mfundo yanga yachiwiri ilibe umboni, ndipo sanamwetulire". Mudzadabwa kuvuta kwake. Mutu umathamangira kuweruza usanamalize kuona.

Gawo lachiwiri lembani matanthauzo atatu a chimene chachitikacho, osati limodzi. Loyamba lidzabwera lokha, ndipo nthawi zambiri limakhala lopweteka: sandifuna. Awiri enawo muwakakamize. Mwina kuno kutsutsa mfundo poyera ndi ulemu kwa wophunzira, kusonyeza kuti ntchito yake aitenga mozama. Mwina amachita chimodzimodzi kwa aliyense, ndionetsetse mawa.

Gawo lachitatu ndi pamene mulembe mmene mwamvera mumtima, ndi chifukwa chake. Apa ndi pamene munthu amatulukira zake zomwe. Mukalemba kuti "ndinachita manyazi chifukwa ine ndinakula ndikudziwa kuti munthu samudzudzula pagulu", mwapeza lamulo limene mwakhala mukulitsata moyo wanu wonse osadziwa kuti ndi lamulo. Munkaliona ngati chilengedwe. Kuphunzira chikhalidwe cha eni dziko kumayenda limodzi ndi kuona chanu kwa nthawi yoyamba.

Zitsanzo n'zambiri. Ku United States munthu amati "how are you" akupitirira osaima, ndipo mlendo amaona ngati chinyengo, chonsecho ndi moni chabe. Ku Netherlands mnzanu wakuitanani kokadya, mawa lake akukutumizirani uthenga wa Tikkie, pulogalamu ya pa foni yopemphera ndalama, woti mubweze gawo lanu la bilu. Kwa iye ndi chilungamo, si umbombo. Ku Japan munthu akapuma mozama n'kunena kuti chinthucho "n'chovuta pang'ono", kawirikawiri wakana kale, ndipo mukaumirira mukumuika pamalo ovuta. Edward T. Hall, amene analemba zambiri pa nkhanizi, anasiyanitsa anthu amene uthenga wawo wonse umakhala m'mawu ndi amene uthenga waukulu umakhala m'zosanenedwa. Mukazindikira kuti inu muli mbali iti ndipo eni dziko ali mbali iti, mikangano yambiri imazima yokha.

Kope lokha silikwanira. Tanthauzo limene mwaganiza muyenera kukaliyesa kwa munthu wa komweko. Safunsa anadya phula. Koma kafunsidwe kali ndi luso lake. Mukati "n'chifukwa chiyani anthu inu mumachita zotere?", munthuyo amva mlandu ndipo ayamba kudziteteza. Nenani chimene munaona, n'kupempha thandizo: "Dzulo zinachitika zakutizakuti, ine sindinamvetse, inu mukanazimva bwanji?" Funsani anthu awiri kapena atatu osiyana msinkhu, chifukwa munthu mmodzi si dziko. Nthawi zina adzakuuzani kuti ayi, ameneyo anangochita mwano, ngakhale kuno sititero. Yankho limenelonso ndi phunziro.

Pambali pa kopelo, dziikireni malamulo ochepa. Kuimba foni kunyumba kukhale ndi nthawi yake, osati kuyambira m'mawa mpaka usiku; makolo muwauze msanga kuti mukakhala chete sikuti mwawataya. Akwanu amene muli nawo kunjako musawathawe, ndi mpumulo wofunika, koma asakhale anthu okhawo amene mumadya nawo. Lowani chinthu chimodzi chochitika mlungu ndi mlungu pamodzi ndi eni dziko: kwaya, timu ya mpira, gulu lopemphera, ntchito yodzipereka. Ubwenzi m'mayiko ambiri subwera chifukwa chocheza bwino tsiku limodzi, umabwera chifukwa chokumana malo amodzimodzi kambirimbiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ngati mwapita kumayiko a kumpoto nthawi yozizira, tulukani panja masana ngakhale kukuzizira. Ku Stockholm, likulu la Sweden, mu December dzuwa limalowa isanakwane 3 koloko masana, ndipo mdima wotere umalemetsa mtima wa munthu ngakhale wolimba.

Tsono chenjezo, ndipo ili musalidumphe. Si chilichonse chopweteka chili chikhalidwe. Munthu akakunyozani chifukwa cha khungu lanu, akakugwirani thupi musakufuna, mwini nyumba akakulandani pasipoti, kapena mphunzitsi akafuna zachikondi posinthana ndi magiredi, musakhale pansi kufunafuna matanthauzo atatu. Lembani tsiku, nthawi ndi mboni, kenako pitani ku ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja, kapena kupolisi ngati ndi mlandu. Chimodzimodzinso ngati chisoni chatha milungu iwiri chisakuphwa, simukudya, simukupita m'kalasi, kapena mukuganiza zodzipweteka. Kumeneko si kupukwa wamba. Mayunivesite ambiri ali ndi alangizi a za maganizo amene wophunzira amawaona mwachinsinsi. Pitani, musadikire kuti wina akuzindikireni.

6. Nanunso adzakufunsani

Mudzafunsidwa za dziko lanu, ndipo mafunso ena adzakhala aumbuli mpaka kukupsetsani mtima. Siyanitsani wofunsa chifukwa sadziwa ndi wofunsa kuti akuchepetseni. Woyambayo muyankheni mofatsa, pokumbukira kuti nanunso patsamba loyamba la kope lanu munalemba zinthu za dziko lake zimene lero mukuchita nazo manyazi. Wachiwiriyo mulibe naye ngongole ya yankho. Ndipo musadzisenzetse udindo woyankhulira fuko lonse. Nenani kuti "kwathu m'banja mwathu timatere", chifukwa n'zimene mukuzidziwa.

Funso lachitatu lija, la zimene simungasiye, limagwira ntchito apa. Kuyesa zatsopano sikutanthauza kuvomera chilichonse. Mutha kulawa chakudya chimene simunachionepo, kuvula nsapato pakhomo, kutchula mphunzitsi dzina lake loyamba ngati wapempha yekha, koma n'kukana mowa kapena chilichonse chosemphana ndi chikumbumtima chanu. Kanani mwachidule, osalalikira. Anthu amalemekeza "ayi, zikomo" wosanjenjemera kuposa zifukwa zambirimbiri.

7. Kubwerera

Tsiku lotuluka lolembedwa pa viza si loyerekeza. Kupitirira ngakhale ndi masiku ochepa kungakutsekereni khomo la dzikolo, ndipo ku Schengen kungakhudze mayiko onse a m'gululo. Musanakwere ndege tsekani zonse: akaunti ya ku banki, pangano la nyumba ndi dipoziti yake, mabuku a ku laibulale, ndi kulembetsa kuti mwachoka ngati dzikolo limafuna zimenezo.

Kunyumba yembekezerani kusokonezeka kwachiwiri. Ofufuza John ndi Jeanne Gullahorn analemba za izi mu 1963: wobwerera amadutsanso m'nyengo yovuta, ndipo imapweteka chifukwa sanaiyembekezere. Anthu adzakufunsani kuti "kunali bwanji?", koma chidwi chawo chidzatha musanamalize nkhani yoyamba. Si nkhanza, moyo wawo unapitirira inu kulibe, ndipo nawonso ali ndi zoti akuuzeni. Afunseni. Dzigwireni pakamwa pa mawu akuti "kunja sachita chonchi", chifukwa palibe chotopetsa anthu kuposa chimenecho. Magawo atatu aja agwiritseninso ntchito pa zinthu za kwanu zimene zayamba kukudabwitsani, ndipo werenganinso tsamba loyamba lija kuti muone mayankho amene lero simungalembenso.

Pa ntchito kapena pofunsira maphunziro ena, musangoti "ndinaphunzira zambiri". Tengani nkhani imodzi m'kopemo: vuto linali ili, ndinalimva molakwa chonchi, ndinafunsa, ndinasintha apa. Olemba ntchito amamva zimenezo.

Chomaliza ndi pepala la zotsatira za mayeso, limene amati transcript. Musanachoke funsani kuti lidzatumizidwa liti, kwa ndani, ndiponso ngati lidzabwera pa imelo kapena pa positi. Tengani dzina la ofesi ndi imelo yake, ndipo pemphani kalata ya umboni kwa mphunzitsi mmodzi akadakukumbukirani nkhope. Mukafika, kaperekeni pepalalo ku sukulu yanu pamodzi ndi pangano la pa mfundo yoyamba, ndipo musachoke mu ofesimo asanakupatseni kope losainidwa losonyeza kuti alandira.